Nyumba ikagwira moto, mutuluke ndi chiyani? Mafunso ndi mayankho kwa a ku Chikwawa ndi ku Nsanje

Ife a kumunsi kwa Shire tikamva za kuthawa m'nyumba, maganizo amathamangira ku madzi. Tinathawa mu Januwale 2015, tinathawanso namondwe wa Idai atafika mu Malichi 2019, kenako namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, moti ku Makhanga kapena m'mbali mwa mtsinje wa Mwanza ngakhale mwana wa sitandade 4 akhoza kukulozerani njira yakumtunda. Koma mvula ikatha, udzu n'kuuma, chimene chimasiya banja panja ndi zovala za m'thupi zokha ndi moto, ndipo za moto sitikambirana kwenikweni. Madzi kawirikawiri amayamba achenjeza: wailesi imanena, mvula imagwa masiku angapo, Shire ndi Ruo amaoneka akukwera. Moto suchenjeza. N'chifukwa chake funso la chimene mungapulumutse liyenera kuyankhidwa lero, nyumba idakali chilili.

Kodi moto ukabuka, munthu amakhala ndi nthawi yochuluka bwanji yosankha katundu?

M'nyumba yaudzu, nthawi yosankhayo palibe. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo udzu wa padenga umakhala utauma gwa, nthawi zina ndi pepala la pulasitiki kunsi kwake. Amene anaonapo munda wa nzimbe ukuwotchedwa ku Nchalo asanadule akudziwa mmene masamba ouma amayakira mphepo ikamawomba. Denga laudzu limateronso, ndipo likayaka limagwera m'kati, pa anthu ndi pa katundu pomwe.

Amalata asadzinamize kuti ali pabwino. Malata sayaka, koma amatsekera utsi m'nyumba, ndipo matiresi a siponji, masikito, mabeseni ndi mipando ya pulasitiki zimatulutsa utsi wakuda wapoizoni. Pa moto wa m'nyumba ambiri amafa ndi utsi malawi asanawakhudze n'komwe. Munthu amapuma kangapo, mutu n'kuzungulira, osadziwanso kumene kuli khomo la nyumba yake yomwe. Utsi umakwera m'mwamba, choncho tulukani chokwawa, nkhope ili pafupi ndi pansi.

Choyamba kutulutsa n'chiyani?

Anthu. Aliyense amayankha choncho akafunsidwa masana, koma usiku moto ukuyaka zimasokonekera chifukwa aliyense amaganiza kuti mwana watengedwa ndi mnzake. Mayi akuti ali ndi bambo, bambo akuti watuluka ndi mchemwali wake, pamene mwanayo wabisala kunsi kwa bedi kapena kuseri kwa matumba a chimanga. Ana aang'ono akaona moto sathamangira panja, amabisala. Gwirizanani pabanja kuti wakhanda amanyamula ndani, agogo amagwira dzanja ndani, wolumala kapena wodwala amatulutsa ndani, ndipo mukatuluka nonse mukakumane pamalo amodzi, kaya pa mtengo wa nimu wa pabwalo, muwerengane mayina mmodzimmodzi. Musaiwale mlendo amene wagona pabalaza, ndiponso amene wabwera atamwa, chifukwa ameneyo kufuula sikumudzutsa.

Pali chizolowezi china chimene ndikupempha kuti tichisiye: kukhomera ana m'nyumba ndi loko wakunja popita kudimba m'mamawa kapena kumaliro usiku. Ndikudziwa kuti timaopa akuba. Koma mwana wotsekeredwa, m'nyumba ya zitsulo m'mawindo, alibe potulukira ngakhale anansi atabwera onse.

Nanga anthu onse akatuluka, pa katundu ndiyambe ndi chiti?

Chikwama chimodzi chokha, chimene chinakonzedwa kale, chopachikidwa pa msomali pafupi ndi khomo, choti dzanja lichipeze mumdima mukudutsa. Ngati kuti muchitenge mufunika kulowa kuchipinda china, kusuntha matiresi kapena kufunafuna kiyi wa sutikesi, ndiye kuti sichili pamalo ake.

Choika m'menemo musankhe ndi funso ili: kodi chinthuchi ndingakachipeze pa msika wa Nchalo, wa Ngabu kapena wa Bangula nditakhala ndi ndalama? Ngati yankho ndi eya, chisiyeni. Wailesi, mapoto, matiresi, sola, zonsezi zimapweteka kutaya koma zimagulidwa. M'chikwamamo mulowe zimene sizigulidwa: ziphaso, masatifiketi, mabuku a kuchipatala, mankhwala a tsiku ndi tsiku, makalata a malo, zithunzi zochepa, ndalama pang'ono ndi tochi. Mapepala onse akhale m'jumbo yomanga bwino. Mabanja ambiri kuno anaphunzira kale kuchita zimenezi chifukwa cha madzi osefukira, kungoti dzinja likatha jumboyo imabwerera pansi pa sutikesi. Isabwerere. Ikhale pakhomo chaka chonse.

Chiphaso cha unzika si chinthu choti boma lingandipatse china? Bwanji mukuchiika patsogolo?

N'zoona, china chimapezeka, koma taganizirani njira yake. Chichitikireni kalembera wa dziko lonse mu 2017, kachiphaso aka kakhala kiyi wa pafupifupi chilichonse: kugula fetereza wotsika mtengo, kulandira Mtukula Pakhomo, kutenga ndalama kubanki, kulembetsa nambala ya foni. Kakapsa, muyenera kukanena kupolisi kuti akupatseni kalata, mupite nayo ku ofesi yopereka ziphaso ya National Registration Bureau (NRB) kuboma, mulipire, kenako mudikire. Kwa munthu wa ku Makhanga zimenezi zikutanthauza kuwoloka pa bwato kupita ku Bangula, kukwera galimoto mpaka ku Nsanje, ndi kubwereranso tsiku lina kukatenga, ndalama za ulendo zikuchokera m'thumba la munthu amene nyumba yake yangopsa kumene. Ndipo thandizo limene limabwera pambuyo pa ngozi nthawi zambiri limafunanso chiphaso chomwecho polemba mayina.

Satifiketi ya sukulu ndi yovutirapo. Ya JCE kapena ya MSCE ikapsa, nkhani yake imakathera ku MANEB ku Zomba, ndipo chimene amapereka ndi kalata yotsimikizira zotsatira zanu, yolipira, yosatuluka tsiku lomwelo. Mwana amene waitanidwa ku mayeso a ntchito sabata yamawa sangadikire zimenezo. Ikaninso m'jumbomo satifiketi yakubadwa ya ana, makadi a ubatizo, kalata ya ukwati, laisensi ndi mapepala a njinga yamoto, komanso kapepala kalikonse kokhudza munda kapena puloti, ngakhale kolembedwa pamanja ndi kudindidwa kwa amfumu. Milandu ya malo kuno ndi yambiri, makamaka m'madimba ndi m'midzi imene anthu anasamukirako pothawa madzi, ndipo mboni zimamwalira.

Chinthu chosavuta chimene mungachite lero: jambulani pepala lililonse ndi foni, mutumize pa WhatsApp kwa mbale wodalirika amene amakhala kwina, kaya ku Blantyre kaya ku Joni. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chiphaso chenicheni, koma chimasunga manambala ndi madeti, ndipo chimafupikitsa ntchito pa ofesi.

Buku la kuchipatala ndi mankhwala?

Zikhale m'chikwama chomwecho. Buku la mwana lili ndi mbiri ya katemera ndi sikelo, la mayi woyembekezera lili ndi zonse zimene azamba adzafune tsiku lochira. Amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a khunyu, a shuga kapena a BP, ngati mankhwala apsa asadikire tsiku limene anawalembera. Apite kuchipatala mawa lake lomwelo akafotokoze. A ma ARV ndi a TB mbiri yawo imasungidwanso kuchipatala kumene amalandirira. Wa khunyu akadumphitsa mankhwala akhoza kugwa, ndipo banja limene likuphikira panja pa mafuwa nyumba itapsa lili ndi moto pafupi tsiku lonse.

Ndalama zanga ndimasunga m'nyumba, pamalo amene ndimadziwa ndekha. Kodi n'kulakwa?

Malo amene mumadziwa nokha ndi omwe amapha anthu, chifukwa ndi amene amabweza munthu m'moto. Nyengo ya moto ndi yomwenso ndalama zimakhala m'nyumba: thonje lagulitsidwa, wina wagulitsa ng'ombe kuti akonzekere ulimi ndi fizi. Zimasomekedwa mu udzu wa denga, m'kati mwa matiresi, m'thumba la chimanga, malo onse oyamba kuyaka. Ndalama yopsa m'mbali, mbali yaikulu ikuonekabe, mukhoza kupita nayo kubanki akaione ngati ingasinthidwe. Phulusa palibe amene angalisinthe.

Zochuluka ziikeni ku Airtel Money, ku Mpamba kapena kubanki. Foni ikapsa ndalamazo sizipsa: mumakatenga simu ina pa nambala yomweyo, mutaonetsa chiphaso chija. Anthu amadandaula za ndalama imene imadulidwa potapa, ndipo kudandaulako n'komveka, koma yerekezani ndi kutaya ndalama za thonje la chaka chonse usiku umodzi.

Amayi amene mumasunga bokosi la banki mkhonde, nkhani iyi ikukhudzani kwambiri. Bokosi lachitsulo la maloko atatu limateteza kwa wakuba, koma silitchinga kutentha. Ndalama ndi mabuku zimapserera m'kati bokosilo lili chitsekere. Chakumapeto kwa chaka, mamembala akamabweza ngongole kukonzekera kugawana, m'bokosimo mumakhala thukuta la mabanja ambiri. Kambiranani pagulu kuti zikachuluka zizisungidwa kuti, ndipo gwirizanani poyera kuti moto utabuka palibe amene adzaimbe mlandu msungichuma chifukwa chotulutsa ana ake m'malo mwa bokosi.

Ine chimene chingandipweteke kwambiri si mapepala, koma zinthu za malemu mayi anga. Kodi kuganiza choncho n'kupusa?

Ayi, si kupusa ngakhale pang'ono. Funsani amene nyumba zawo zinapsa kapena kukokoloka zaka zingapo zapitazo. Malata anagula ena, chiphaso chinatuluka china, mapoto anapatsidwa ndi achibale. Chimene amatchulabe mpaka lero ndi chithunzi chimodzi chokha cha bambo awo, chojambulitsa ku situdiyo kalekale, chimene chinalibe china chofanana nacho. Ena amatchula Baibulo limene gogo analembamo masiku obadwa a ana onse patsamba loyamba, ena chitenje chimene mayi anawaberekera, ena yunifolomu ya amayi a mpingo, mikanda, mkondo wa agogo, kapena kalata imene mwamuna analemba ali ku migodi. Kwa banja la oimba mwina ndi ulimba umene unasemedwa ndi munthu amene kulibenso. Zinthu zoterezi n'zimene zimauza mdzukulu kumene anachokera, ndipo m'dera ngati lathu, limene midzi yathunthu inasamuka n'kusiya manda kutsidya, n'zochepa kale zimene zatsala.

Ndiye musachite nazo manyazi, koma muzichitire chilungamo. Ngati chinthucho n'chamtengo wapatali chotere, chisagone pansi pa sutikesi yokhoma, kunsi kwa bedi, kuchipinda chakumapeto. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zopepuka zilowe m'chikwama cha pakhomo chija. Zithunzi zijambuleninso ndi foni, mugawire abale onse, ndipo ngati mungathe mutsukitse zina zikakhale kwa mlongo wanu kumudzi kwina. Tsamba la Baibulo lija lijambuleninso. Chachikulu ngati ulimba kapena ng'oma sichingalowe m'chikwama, choncho chisakhale m'nyumba imene mumaphikira kapena kusungira petulo.

Ndiwonjezere ichi, chifukwa ndi chimene ndimachiona kuti chimatayika mwakachetechete: khalani pansi ndi agogo adakali moyo, muwajambule mawu pa foni akufotokoza mayina a makolo, kumene banja linachokera, malire a munda. Kaya alankhule Chisena kaya Chimang'anja, asiyeni alankhule mmene amalankhulira.

Chimanga, mapira ndi mbewu? Popanda zimenezi tidya chiyani?

Ili ndi funso lolemera, ndipo yankho lake silikoma: thumba la makilogalamu 50 silinyamulika mu utsi, ndipo amene amayesa kulikoka amatseka nalo khomo. Kale chakudya chinkakhala m'nkhokwe panja, patali ndi nyumba, moti nyumba ikapsa banja linkatsala ndi chakudya. Umbava unatichititsa kulowetsa zonse m'nyumba, ndipo tsopano moto umodzi umatenga pogona ndi chakudya pamodzi. Ngati n'kotheka gawani: matumba ena kwanu, ena kwa mbale wokhulupirika. Amene asunga thonje podikira mtengo wabwino adziwe kuti thonje limagwira moto ndi kanthethe kamodzi, ndipo limanyeka m'kati mosaoneka. Lisakhale chipinda chimodzi ndi kandulo kapena mbaula.

Mbewu ndiye ina. Mapira ndi mchewere wamakolo, umene umapirira dzuwa lathu lino, sumapezeka m'sitolo iliyonse. Umachokera kwa mayi kupita kwa mwana. Ambiri timaupachika pamwamba pa moto kukhitchini kuti utsi uthamangitse anankafumbwe, ndipo ndi nzeru yabwino, kungoti khitchini ndi imene imayamba kupsa. Tapani pang'ono muike m'botolo louma lotseka bwino, musungitse nyumba ina.

Nanga ziweto?

Anthu akatuluka, ndipo ngati khola silinagwire, tsegulani chitseko, dulani zingwe, ziweto zidzithawira zokha, mudzazifunafuna kukacha. Kuno ng'ombe ndi mbuzi ndiye banki ya ambiri, choncho lambulani udzu kuzungulira khola chilimwe chisanafike pachimake, ndipo mapesi odyetsa ziweto musaunjike mogundana ndi nyumba. Amene mumagoneka mbuzi m'nyumba poopa akuba ndi afisi, musazimangirire pakhomo pamene mudzatulukire.

Njinga yamoto ndiye ntchito yanga ya kabaza. Ndiisiye ipse?

Ngati ili pakhomo penipeni ndipo moto uli kutali, mukhoza kuikankhira panja mukutuluka. Ngati utsi wadzaza kale, isiyeni, chifukwa thanki yake ili ndi petulo. Koma vuto lalikulu si njingayo, ndi zigubu. Mafuta akamasowa ambiri amasunga petulo m'nyumba, ena wogulitsa m'mabotolo pamsewu. Petulo safuna kuti lawi limukhudze. Mpweya wake umayenda pansipansi mpaka kukapeza mbaula kapena koloboyi kuchipinda china. M'nyumba yogona anthu musalowe chigubu cha petulo, ngakhale usiku umodzi.

Ndatuluka, ndipo ndakumbukira kuti chikwama chatsala m'kati. Moto ukuoneka kuti uli mbali imodzi. Ndilowe mothamanga?

Musalowe. Kunja kumaoneka ngati mpata ulipo, koma m'kati simuona kanthu, mpweya wake umawotcha kukhosi, ndipo denga limagwa mosachenjeza. Anansi, mukaona munthu akufuna kubwerera chifukwa cha katundu, mugwireni ndithu, ngakhale akutukwaneni.

Tiyimbire ozimitsa moto?

Galimoto zozimitsa moto za khonsolo zili m'mizinda, ndipo mzinda wapafupi ndi ife ndi Blantyre. Kufika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 kutsika mapiri a ku Thabwa, ndipo ku Nsanje ndi oposa 150. Nyumba yaudzu siingadikire ulendo umenewo. Dziwitsani apolisi apafupi, koma ozimitsa moto enieni a m'mudzi ndi anansi, ndowa, mchenga ndi makasu. Kuwani msanga, musayambe mwayesa nokha mwakachetechete poopa manyazi. Nyumba ikagwira kwambiri, mphamvu zipite kunyumba zoyandikana nayo, makamaka kumene mphepo ikulowera: thirani madzi pa madenga, gwetsani mpanda waudzu umene ungawolotse moto.

Mafuta ophikira kapena petulo akayaka musathire madzi, amangomwaza motowo. Vundikirani poto ndi chivundikiro, kapena thirani mchenga. Ngati nyumba ili ndi magetsi a ESCOM, zimitsani pa meni switchi musanathire madzi. Ndipo moto wambiri wa chilimwe umachokera kunja, kwa osaka mbewa ndi otentha mapesi posozera minda. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Lambulani kuzungulira nyumba mpaka dothi lioneke.

M'nyumba mwenimwenimo, zoyambitsa n'zodziwika: kandulo woimika pa mpando kapena pafupi ndi masikito, koloboyi wosiyira ana, makala osazima bwino, machesi pofikira mwana, mawaya a sola ndi batire olumikiza mwachisawawa. Tochi kapena kanyale ka sola kakuchipinda kwa ana n'kotsika mtengo kuposa kumanganso nyumba.

Wina akapsa, tichite chiyani tisanafike kuchipatala?

Ngati zovala zikuyaka, asathamange. Agone pansi agubuduke, kapena mumufunditse bulangete. Kenako thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osalekeza msanga. Madzi a pa mjigo ndi abwino. Vulani mphete, zibangili ndi mikanda malowo asanatupe, koma nsalu imene yamatirira pakhungu musaikoke. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta, phulusa kapena ndowe, ndipo matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera. Mwana wamng'ono muzizire bala lokha, thupi lonse mulifunditse kuti asazizidwe.

Pitani kuchipatala msanga ngati wapsayo ndi mwana, ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho chake, ngati lili kumaso, m'manja, kumaliseche kapena molumikizira mafupa, ndiponso ngati munthu wapuma utsi wambiri, mawu asasa kapena akutsokomola zakuda, ngakhale khungu lake lili bwino. Yambani ndi chipatala chapafupi. Zipatala za boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, cha Ngabu, cha St Montfort ku Nchalo ndi cha Trinity ku Muona zilipo, ndipo opsa kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli wodi ya anthu opsa ndi moto.

Moto wazima, tatsala opanda kanthu. Tiyambire pati?

Kukacha dziwitsani amfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, yomwe ija imalemba mayina nthawi ya madzi. Lipoti lawo ndi limene limapita ku khonsolo ya boma ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zotere, ndipo a Red Cross ndi mipingo nawonso amafunsa kumeneko. Pitani kupolisi mukatenge kalata, mutchule pepala lililonse limene lapsa, chifukwa kalata imeneyi mudzaifuna ku NRB, ku MANEB ndi kubanki. Jambulani bwinja musanasese. Musalole ana kusewera m'phulusa, pansi pake pamakhala potentha mpaka tsiku lotsatira, ndipo khoma limene lapsa likhoza kugwa.

Pa tsiku ngati limeneli mitima imakhala yowawa, ndipo pakamwa pamafulumira kutchula munthu: mkazi mnzake, mnansi wa mkangano wa malire, kapena gogo wina amene akuti ndi mfiti. Ngati mukukayikira kuti wina wayatsa dala, kaneneni kupolisi afufuze. Nkhalamba zaphedwapo m'dziko muno chifukwa cha mphekesera zotere, pamene chinayatsa nyumba ndi kandulo. Mwana amene anaiwala kuzimitsa kanduloyo musamumenye; ali kale ndi mantha aakulu, ndipo akaopa kunena simudzadziwa chimene chinachitika. Anansi, musadikire kuti opsedwawo apemphe. Usiku woyamba amafuna pogona, mphasa, zovala za ana, poto ndi ufa, ndipo sabata yotsatira amafuna anthu okathandiza kudula mitengo ndi kumweta udzu, komanso wina wowaperekeza kuboma kukayamba za mapepala.